Amasechedwa ndani pa Kenneth Kaunda? Mbiri ya kampani ya mabwalo a ndege ku Zambia

Anthu ovala yunifolomu amene amakuuzani kuti muvule lamba, mutulutse foni m'thumba ndi kuika chikwama pa makina ounikira katundu pabwalo la ndege la Kenneth Kaunda ndi antchito a Zambia Airports Corporation Limited. Iyi ndi kampani ya boma. Imayang'anira mabwalo akuluakulu anayi, la ku Lusaka, la ku Ndola, la ku Livingstone ndi la ku Mfuwe, ndipo ndi yomwenso imatsogolera ndege zikamauluka mumlengalenga mwa Zambia. Inabadwa mu 1989, dzina lake panthawiyo lili National Airports Corporation Limited. Koma mpanda umene inapatsidwa kuti iziulondera ndi wakale kuposa kampaniyo, ndipo anaumanga poopa mdani wina, osati amene dziko likumuopa masiku ano.

Bwalo loyamba la ndege mu Lusaka linali m'tauni mwenimweni, pakati pa Longacres ndi Kalingalinga, pomwe lero pali asilikali a m'mlengalenga a ZAF. Ana a ku Kalingalinga ankaona ndege zikutera ataima kuseri kwa waya. Amayi a m'makomboni nawo ankalidziwa bwaloli ngati malo a ndale: mu 1960 Mama Julia Chikamoneka ndi anzawo anapita komweko kukavula pamaso pa Iain Macleod, nduna ya ku Britain yoona za maiko a atsamunda, pofuna kumuonetsa kuti anthu atopa. Ufulu utabwera mu 1964, sipanapite nthawi Ian Smith analengeza mu Novembala 1965 kuti Rhodesia yadziimira payokha, ndipo njira ya kumwera imene Zambia inkadalira inayamba kutsekeka. Kwa miyezi ingapo mafuta a galimoto ankabwera pa ndege za ku Britain, America ndi Canada. Dziko lopanda nyanja linaona lokha kuti likufunika khomo lake la m'mwamba. Mu 1967 bwalo latsopano linatsegulidwa kutali ndi tauni, makilomita oposa 20 cha kum'mawa, mukapatuka pa Great East Road mutadutsa Chelston. M'chaka chomwecho Zambia Airways inaima payokha, Central African Airways itagawidwa. Ndi nthawi yomweyonso imene mapuloti a ku Mtendere ankagawidwa. Ndege zinasamukira kutchire, anthu wamba n'kutsala kuno, ndipo mpaka lero minibasi zambiri za njira imeneyo zimathera ku Chelston.

M'zaka zoyambazo bwaloli linali m'manja mwa dipatimenti ya boma yoona za ndege. Chitetezo chinali cha apolisi ndi asilikali, ndipo munthu amene ankamusaka anali kazitape. Lamulo la State Security Act la 1969 linkalanga koopsa aliyense woyandikira, kujambula kapena kulowa malo otetezedwa ndi cholinga choononga dziko. Mantha amenewa sanali opanda pake. Pa 19 Okutobala 1978 ndege zankhondo za Rhodesia zinalowa mu Zambia n'kuphulitsa kampu ya ZAPU, chipani cha Joshua Nkomo, ku Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, pobwezera ndege ya anthu imene asilikali a chipanicho anagwetsa mwezi wa Seputembala. Anthu mazana anafa. Woyendetsa ndege wina, amene ankadzitchula kuti Green Leader, analankhula pa wailesi ndi wotsogolera ndege wa pansanja ya bwalo la Lusaka n'kumuuza kuti ndege za Zambia zisayerekeze kunyamuka. Ndege ya Kenya Airways imene inkabwera inauzidwa kuti idikire kaye. Mawu onsewo anajambulidwa, a Rhodesia n'kumawaulutsa monyada. Kwa mphindi zingapo mlengalenga mwa likulu la dziko munkalamula mlendo.

Manyazi a tsiku limenelo anasiya chipsera. Marodibuloko anachuluka, mzungu wonyamula kamera ankaonedwa ngati kazitape, ndipo kujambula chithunzi pabwalo la ndege, pamlatho kapena papositi ofesi kunkatha kumugonetsa munthu m'chitokosi. Chitetezo cha pabwalo chinakula ndi maso oyang'ana kunja, kwa mdani wa boma. Zoti wapaulendo azikhulupirira womusecha, kapena kuti wosechayo afotokoze chifukwa chimene akutsegulira chikwama, sizinali m'mutu mwa aliyense. Ndipotu wapaulendo mwiniyo anali ndani? Wa m'boma, wa ku migodi, wophunzira wopita ku Moscow kapena ku London. A ku Matero ndi ku Chawama ankafika pabwalo atanyamulidwa pa malole, atavala zitenje za UNIP, kudzavina polandira a Kaunda ndi alendo awo: atsogoleri a maiko osalowerera mbali mu 1970, Mfumukazi Elizabeth mu 1979, Papa John Paul II mu 1989, Nelson Mandela mu Febuluwale 1990. Ovina sankasechedwa. Ankadutsa pachipata china.

Chinthu choyamba chimene chinaphunzitsa anthu a m'makomboni kuti pabwalo pamadutsa zinthu chinali mandrax. M'zaka za m'ma 1980 mapilitsi amenewa ankachokera ku India, kudutsira mu Lusaka, kupita ku South Africa kumene msika wake unali waukulu. Mu 1985 boma linatsekera anthu angapo pogwiritsa ntchito malamulo a nthawi ya ngozi, ndipo bwalo lapadera lotsogozedwa ndi woweruza Chaila linamva nkhani zawo. Maina amene anatuluka sanali a anyamata a ku Chibolya. Anali a anthu odziwika, a zamalonda ndi ena amene anakhalapo pa maudindo aakulu. Anamasulidwa, ndipo ena anadzabwerera m'ndale. Drug Enforcement Commission, imene anthu amangoti DEC, inakhazikitsidwa mu 1989. Koma phunziro linali litalowa kale, ndipo ndikuganiza kuti ndi lomwe likulamulirabe maganizo a anthu pa nkhani ya bwaloli: katundu woopsa amadutsa ndi apamwamba, wamba ndiye amakhuthulidwa chikwama.

National Airports Corporation inabadwira m'nyengo imeneyo, ndipo chimene chinaibala chinali umphawi wa boma. Mtengo wa kopa unagwa mu 1975 ndipo kwa zaka zambiri sunadzukenso bwino. Mu Meyi 1987 a Kaunda anasemphana ndi IMF, patapita zaka ziwiri n'kubwereranso. Dipatimenti ya boma inkatolera ndalama kwa ndege zotera n'kuzipereka kuthumba la boma, kenako n'kumadikira bajeti kuti ikonze magetsi a pamsewu wa ndege. Nyumba ya malamulo inasintha lamulo la Aviation Act kuti mabwalo anayi aja aperekedwe kwa kampani yoti izitolera yokha, izisunga yokha ndi kudzilipirira yokha. Mabwalo ang'onoang'ono a m'maboma anatsala ku dipatimenti.

Kunja nako zinthu zinali zitatentha. Mu Disembala 1988 bomba lobisidwa m'sutikesi linagwetsa ndege ya Pan Am ku Lockerbie. Mu Seputembala 1989 bomba linanso la m'sutikesi linaphulitsa ndege ya UTA imene inachokera ku Brazzaville kudzera ku N'Djamena, n'kugwera m'chipululu cha Niger. Anthu onse 170 anafa. Bungwe la ICAO, limene limaika malamulo a ndege za anthu padziko lonse, linali kale ndi buku la chitetezo lotchedwa Annex 17 kuyambira 1974, ndipo ngozi zimenezi zitachitika linalimbitsa malamulo a katundu wa apaulendo. Kampani yatsopanoyo inayamba ntchito mdani atasintha. Sanalinso msilikali wa Smith. Tsopano anali sutikesi, ndipo sutikesi aliyense ali nayo.

Zaka khumi zoyamba zinali zowawa. Pa 27 Epulo 1993 ndege ya ZAF yonyamula timu ya mpira ya dziko, imene inanyamuka pabwalo lomweli, inagwera m'nyanja pafupi ndi Libreville, anthu 30 n'kufa. Iyi sinali nkhani ya kusecha ndipo ndegeyo sinali ya kampaniyi, koma manda a ophedwawo ali pa Independence Stadium, pafupi ndi Matero, ndipo mabanja anadikira zaka ndi zaka kuti boma liwauze chimene chinachitika. Anthu anazolowera kuti nkhani za ndege ndi zobisa. Mu Disembala 1994 Zambia Airways inatsekedwa chifukwa cha ngongole, Nkwazi, DC-10 imene anthu ankainyadira, n'kuchoka osabwereranso. Kampani ya mabwalo inataya kasitomala wake wamkulu. Amene anayenda m'zaka zimenezo amakumbukira kawindo kolipirirapo msonkho wonyamukira ndi madola a pamanja, ndalama imene masiku ano imalowa m'tikiti.

Kusecha kumene tikukudziwa lero kunabwera pang'onopang'ono kuchokera kunja, lamulo lililonse lili ndi tsoka lake. Pa 11 Seputembala 2001 anthu onyamula timipeni analanda ndege zinayi ku America, ndiye mipeni, masizasi ndi malezala zinachotsedwa m'chikwama cha pamanja. Mu Disembala chaka chomwecho munthu anayesa kuphulitsa bomba la m'nsapato. Mu Ogasiti 2006 apolisi a ku London anagwira anthu ofuna kupanga bomba ndi zamadzimadzi za m'mabotolo, ndipo apa ndi pamene panachokera malire a mamililita 100. Lusaka sinafunsidwe. Bwalo limene silitsatira malamulowa, ndege zazikulu zimaleka kuterapo.

Vuto ndi loti malamulowa anafika opanda wowafotokoza. Mayi wa ku George amene akupita kukaona mdzukulu ku Manchester walongedza kapenta, vinkubala, chikanda ndi botolo la chiponde chosinja yekha. Kapenta wadutsa pa makina, chiponde chatsala, chifukwa kwa wosecha chiponde ndi chamadzimadzi. Chikanakhala m'sutikesi yaikulu sichikanavuta apa. Mayiyo sakudziwa za London 2006. Chimene waona ndi mnyamata wa msinkhu wa mwana wake akuika botolo pambali, ndipo pofika madzulo abale onse amva kuti a pa eyapoti adya chiponde. Nkhani zotere zimayenda msanga kuposa chidziwitso chilichonse chomata pakhoma m'Chingerezi.

Kuonjezera apo, amene timangowati "a pa eyapoti" si gulu limodzi. Wosecha wa kampani amafuna zida ndi mabomba basi. Wa pasipoti ndi wa dipatimenti yoona zolowa ndi kutuluka. Wofunsa malisiti a katundu ndi wa ZRA, imene inayamba mu 1994. Wa galu wonunkhiza angakhale wa DEC. Apolisi ali ndi siteshoni yawo pomwepo, a ZAF ali ndi mbali yawo ya bwalo, ndipo onyamula masutikesi nthawi zambiri amalembedwa ntchito ndi makampani ena. Aliyense ali ndi bwana wake, unduna wake ndi lamulo lake. Wapaulendo alibe nthawi yowerenga mabaji. Wina akamupempha ya drinki, kapena sutikesi ikafika zipi itathyoka, mlandu umagwera onse, ndipo nkhope imene amaikumbukira ndi ya uja anamugwira m'chiuno.

Apaulendo nawo anasintha. Emirates itayamba kutera mu Lusaka mu Febuluwale 2012, ndipo Ethiopian ndi Kenya Airways zikulumikiza anthu ku Dubai ndi ku Guangzhou, pamzere panayamba kuoneka amalonda a ku Kamwala, ku COMESA ndi ku City Market: ogula mafoni, mawigi, nsapato ndi zida za galimoto. Ambiri amagona ku Kanyama ndi ku Chawama. Awa amanyamula mpamba wonse m'madola, atausokera m'kati mwa zovala, ndipo mphindi imene amaiopa kwambiri ndi ija chikwama chili mu makina iwo ali mbali ina ya chipata. Amakulunga masutikesi ndi pulasitiki, amamanga nsalu yofiira pachogwirira. Anakulira pa marodibuloko, ndiye munthu wa yunifolomu akawaimitsa amayamba kuwerengera m'mutima kuti zithera pa zingati, ngakhale woimitsayo akungofuna kuona chaja.

Mu 2009 mgwirizano wa maiko a ku Ulaya unaletsa ndege zonse zolembetsedwa ku Zambia kuuluka kumeneko, ICAO itapeza kuti boma silinkayang'anira mokwanira makampani a ndege. Nkhaniyi inali ya ziphaso ndi kayendetsedwe ka ndege, osati kusecha, koma inabala chinthu chofunika: mu 2012 kunakhazikitsidwa Civil Aviation Authority, bungwe loima palokha loyang'anira onse, kuphatikizapo kampani ya mabwalo ndi osecha ake. Chiletso chinachotsedwa mu Juni 2016. Apa n'kuti a Michael Sata atasintha kale dzina la bwalo kukhala Kenneth Kaunda mu Seputembala 2011, ndipo kampani nayo inadzasiya dzina la National n'kutenga la Zambia Airports. ICAO imayenderanso chitetezo cha mabwalo kuyambira 2002, koma zotsatira zake sizilengezedwa kwa anthu, poopa kuuza zigawenga pamene pali mpata. Chifukwacho n'chomveka. Kuipa kwake n'koti wosecha akakhoza mayeso, wa ku Kanyama sadzamva.

Chimene amachiona ndi maso ndi chipata china chija. Zipani zinasintha, malole aja n'kusanduka mabasi, koma mwambo wolandira mtsogoleri pafupi ndi ndege unapitirira, makada akuimba pamalo pamene wantchito wa pabwalo sangaponde opanda baji. Chipatacho chimadziwanso kutseka ndale zikafuna. Mu Meyi 2017 Mmusi Maimane, mtsogoleri wotsutsa wa ku South Africa amene ankabwera kudzamvera mlandu wa a Hakainde Hichilema, sanaloledwe n'kutsika m'ndege momwe. Mu Seputembala 2018 Profesa PLO Lumumba wa ku Kenya anabwezedwa pabwalo pomwepo, boma n'kunena kuti n'chifukwa cha chitetezo. Amene anachita zimenezi sanali osecha a kampani, koma mawu akuti chitetezo ndi omwewo, ndipo akagwiritsidwa ntchito pa profesa wodzakamba nkhani amatsika mtengo.

Nyumba yatsopano ya apaulendo inatsegulidwa ndi a Edgar Lungu mu Ogasiti 2021, masiku ochepa chisankho chisanachitike. Inamangidwa ndi kampani ya China Jiangxi ndi ngongole ya madola 360 miliyoni yochokera ku Exim Bank ya ku China, ndipo pamene inkatsegulidwa n'kuti dziko litalephera kale kulipira ngongole zake za kunja mu Novembala 2020. Ndi nyumba yabwino, ili ndi makina atsopano ndi makamera. Ngongoleyo ikubwezedwa ndi aliyense wogula shuga pakantemba, ngakhale amene ndege amangoimva usiku ikudutsa pamwamba pa malata.

Patangopita zaka ziwiri kunabwera ndege ya golide. Madzulo a pa 13 Ogasiti 2023 ndege yaing'ono ya anthu olemera, ya mtundu wa Global Express, inatera kuchokera ku Cairo. M'mawa mwake a DEC anaigwira, ndipo mkulu wawo a Nason Banda analengeza zimene anapeza: madola pafupifupi 5.7 miliyoni, mfuti zazing'ono zisanu, zipolopolo 126, ndi zidutswa 602 zooneka ngati golide zolemera makilogalamu 127. Nduna ya migodi a Paul Kabuswe inadzanena kuti atapima anapeza kuti zitsulozo zinali kopa ndi zinki, zongopaka mtundu. M'minibasi anthu anaseka mpaka misozi: Aiguputo auluka usiku wonse ndi madola kudzagula kopa wa ku Zambia pamtengo wa golide! Kuseka kutatha, funso linatsala. Makilogalamu 127 si kathumba ka mtedza. Anafika bwanji pandege imene yaima mkati mwa mpanda? Atolankhani a BBC analemba kuti anthu onyamula zikwamazo anadutsa pa chitetezo osaimitsidwa. Kumapeto kwa mweziwo Aiguputo asanu ndi a Zambia angapo anaimbidwa mlandu wa ukazitape pansi pa State Security Act yomwe ija ya 1969, ndipo pakati pa a Zambiawo panali mkulu wa apolisi wa pabwalopo, wachitetezo wa ku State House, woyendetsa ndege ndi anthu a bizinesi. Kuimbidwa mlandu si kulakwa. Koma kumayambiriro kwa Seputembala boma linathetsa mlandu wa Aiguputo asanu aja, ndipo ku Kalingalinga palibe amene anadabwa.

Amati nkhuyu zodya ana zinapota akulu, koma pabwalo lino zimayenda chobwerera. Amene anapotedwa ndi nkhani ya golide ndi mtsikana wa pa makina amene amadzuka pakati pa usiku kuti akayambe shifiti, amene tsiku lonse amayang'ana zithunzi za masutikesi kufunafuna waya ndi batire. Tsopano akauza munthu kuti avule nsapato amayankhidwa kuti, "Nanga golide uja munamuvula nsapato?" Alibe poyankha. Alibenso mphamvu yoimitsa munthu amene wafika ndi galimoto za sayirini ndi wapolisi wa nyenyezi paphewa, pokhapokha atadziwa kuti mabwana ake adzamuikira kumbuyo. Akatswiri a chitetezo cha ndege amadziwa kuti ngozi yaikulu ili pamenepa. Ku Mogadishu mu Febuluwale 2016, bomba limene linaboola ndege ya Daallo linali mu laputopu, ndipo makamera anaonetsa anthu a pabwalo pomwepo akuipereka kwa wapaulendo. N'chifukwa chake malamulo a ICAO amafuna kuti antchito nawonso, ndi galimoto zawo, azisechedwa polowa.

Kampaniyi siingalamule apolisi, siingalamule State House. Pali zina zimene ingathe. Ingalembe malamulo a chikwama cha pamanja m'Chinyanja ndi m'Chibemba ndi kuwaulutsa pa wailesi zimene amalonda amamvera. Ingaonetse poyera kumene katundu wolandidwa amapita, ndi kumene munthu angakadandaule n'kulandira yankho. Ku America, kumene anthu amanyoza osecha awo kuposa ife, mu 2015 zinaululika kuti oyendera a boma anadutsitsa zida ndi mabomba onamizira maulendo 67 mwa 70, ndipo mkulu wa TSA, bungwe la osechawo, anachotsedwa pampando nthawi yomweyo. Zinali zochititsa manyazi, koma anthu anaona kuti pali woyesa ndipo pali wolangidwa. Ku Zambia kampani ya boma ngati iyi imaunikidwa ndi Auditor General ndipo akuluakulu ake amaitanidwa ku makomiti a nyumba ya malamulo. Aphungu a Kanyama, Chawama, Matero ndi Munali, amene anthu awo amagwira ntchito pabwalopo ndi kuima pamzere ndi mpamba wawo, ali ndi ufulu wofunsa nduna ya zamtengatenga kuti ndi anthu a maudindo ati amene lamulo limawalola kudutsa osasechedwa, ndi angati amene amadutsa chonchi pa chaka, ndipo chasintha n'chiyani pachipata cha ndege za anthu olemera kuchokera mu Ogasiti 2023.